Galasi la galimoto likakalika, yambani ndi chikhadabo

Galimoto zambiri zoyenda misewu yafumbi ya ku Chamama, Chulu ndi Santhe zimakalika magalasi m'chilimwe, ndipo wopalamula ndi mchenga. Dothi la kuno ku Kasungu ndi lamchenga, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa galasi. Mukayatsa mawaipa galasi lili louma, kapena kupukuta fumbi ndi nsanza youma, timiyalato timalemba mizere. Masana simuiona bwino. Usiku, lole ikamabwera kutsogolo itayatsa magetsi pa msewu wa M1, kuwala kumamwazikana m'mizeremo mpaka wanjinga m'mbali mwa msewu osaoneka.

Musanagule chilichonse, tsukani galasilo ndi madzi ambiri ndi sopo, liume, kenako yendetsani chikhadabo modutsa mzerewo. Chikadutsa osakodwa, mzerewo ndi wapamwamba ndipo uchoka. Chikakodwa, walowa mkati. Kuti wotere ufufutike mpofunika kudya galasi lambiri, ndipo pamalopo pamatsala kadzenje kamene kamapotoza zimene mukuona. Ngati zili kutsogolo kwa dalaivala, bola kusintha galasi. Onaninso mbali imene mzere uli. Ukakhala mkati mwa galasi lomatidwa tinti, chakalika ndi pulasitiki ya tintiyo, choncho n'kungomatula n'kuika ina. Mkati mwa galasi lakumbuyo musakhudzemo, muli timawaya tochotsa nthunzi timene timaduka msanga.

Mankhwala otsukira mano amene ambiri amawadalira amangochotsa litsiro ndi labala amene waipa yasiya. Chimene chimagwira ntchito ndi ufa wa cerium oxide, umene amisiri a magalasi amapukutira. Sumapezeka m'golosale, funsani kwa ogulitsa magalasi ndi zipangizo za galimoto ku Lilongwe. Pamafunikanso kagudumu ka felt (nsalu yochindikala ya ubweya wotsendera) komangira ku dirilo, botolo lopopera madzi, tepi, ndi nsalu yofewa yoyera.

Imikani galimoto pamthunzi, makamaka m'mawa galasi lisanatenthe. Matani tepi pa labala ndi penti yozungulira chifukwa ufawu umathovukira paliponse ndipo ukauma umavuta kuchotsa. Mzere sukhala ukuoneka mukangopaka ufawo, choncho zungulizani malowo ndi cholembera kuseri kwa galasi. Sakanizani masipuni awiri a ufa ndi sipuni imodzi ya madzi, onjezerani madontho mpaka zikhale ngati phala la mwana. Nyowetsani felt, pakani pang'ono, igundikeni pa galasi ndipo kenako ndi pamene muyatse dirilo. Liwiro likhale lotsika, lisapitirire maulendo 1,500 pa mphindi.

Apa ndi pamene ambiri amaononga. Amaima pamzere pomwepo n'kumakanikiza kuti zithe msanga. Zotsatira zake ndi ziwiri: kadzenje kaja, ndi kutentha. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati. Likatentha malo amodzi pulasitikiyo imachita chifunga kapena galasi limachita mng'alu, makamaka ngati pafupi pali pamene panagunda mwala. Magalasi a m'zitseko ndi amtundu wina: sang'aluka, amaphulika n'kukhala tizidutswa. Ndiye felt igone yonse pa galasi, osati chammbali, ndipo muziiyendetsa osaima, uku ndi uku, m'mwamba ndi m'munsi, pamalo aakulu kuposa mzerewo, pafupifupi dzanja lotambasula mbali zonse. Kulemera kwa dirilo ndi kukankha pang'ono n'kokwanira. Pakatha theka la mphindi imani, gwirani galasi ndi kuseri kwa dzanja. Likafunda palibe kanthu. Likawotcha dikirani lizizire lokha, osalithira madzi ozizira. Phala lija likayamba kuuma poperani madzi, simukusowa kuonjezera ufa nthawi zonse.

Pakapita mphindi zisanu zilizonse pukutani, unikani ndi tochi chopendeketsa muone pamene mwafika. Mizere ya waipa imatha kutenga mphindi 20 mpaka ola. Opanda dirilo atha kupukuta ndi dzanja mozungulira, koma akonzekere maola. Felt ikagwa pansi itsukeni bwino musanaibwezere, pakuti kamchenga kamodzi kokakamira kamalemba mizere yozungulira yoipa kuposa yoyamba.

Mukamaliza funani chimene chinakala, apo ayi mizere ibwerera sabata yomweyo. Mizere yokhota ngati uta ndi ya waipa: labala akang'ambika kapena kuuma ndi dzuwa, chitsulo chimafika pa galasi. Sinthani labala mvula isanayambe, cha mu Okutobala, ndipo kathanki ka madzi a waipa kasamakhale kouma. Mizere yoongoka yochoka pamwamba kutsika pansi pa galasi la chitseko imachokera ku labala wa m'mphepete, amene amasunga mchenga n'kumakala nthawi iliyonse mukatsitsa galasi. Tsitsani galasi lonse, tsukani labalayo ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo. Ngati waphwa mpaka chitsulo kuonekera, gulani wina. Anyamata otsuka galimoto auzeni ayambe athira madzi fumbi litsike, nsanza ya matayala isafike pa galasi, ndipo waya wotsukira miphika asamuyandikize. Sitika yakale ya inshuwalansi inyowetseni ndi madzi a sopo ifewe, kenako ipaleni ndi khadi lapulasitiki.