Momwe mungawetere nsomba za clownfish m'nyumba mpaka ziswane

Nsomba za clownfish, zija zamtundu wa lalanje zokhala ndi mizere yoyera, kwawo ndi kunyanja zamchere za Indian ndi Pacific, komwe zimabisala m'tinyama toluma totchedwa anemone. Mitundu yake ndi pafupifupi 30, koma ngati mukuyamba kumene sankhani Amphiprion ocellaris. Ndi yopirira ndiponso siyaukali kwambiri.

Yambani ndi madzi, nsomba zibwere pambuyo. Thanki ya malita 75 kapena kuposerapo ikwanira nsomba ziwiri. Sungunulani mchere wogulitsidwira ntchito imeneyi, osati wa kukhitchini, m'madzi osefedwa ndi makina a RO (makina ochotsa zonse zosungunuka m'madzi), mpaka choyezera mchere cha refractometer chisonyeze 1.025. Ikani miyala, sefa ndi hita, madzi azikhala pa madigiri 26. Ponyanimo kachakudya pang'ono kuti kawole, kenako dikirani milungu 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya othetsa ammonia, poizoni wochokera ku zinthu zowola ndi ndowe za nsomba, achuluke. Ammonia ndi nitrite (poizoni wina wochokera ku ammonia) zikafika pa 0 poyeza madzi, m'pamene mungagule nsomba. Madzi akamachepa m'thanki chifukwa chouluka ngati nthunzi, mchere umatsalira momwemo, choncho muzionjezera madzi opanda mchere. Anemone musavutike nayo. Nsombazi zimaswana bwinobwino popanda iyo, ndipo ikafera m'thanki imawononga madzi onse.

Gulani nsomba ziwiri zazing'ono, imodzi yokulirapo pang'ono. Musafunse kuti yaikazi ndi iti, chifukwa palibe imene imabadwa yaikazi. Imene yagonjetsa inzake ndiyo imakula n'kusanduka yaikazi, ndipo sibwereranso. Mukaona yaing'onoyo ikupendekeka n'kumanjenjemera pamaso pa yaikuluyo, musaganize kuti yadwala, ikungovomereza kuti yagonja. Koma zazikulu ziwiri musaziphatikize, mwina zonse ndi zazikazi kale ndipo zingamenyane mpaka imodzi kufa.

Zidyetseni kawiri kapena katatu patsiku, mosinthasintha chakudya chouma ndi tinkhanu ta mysis. Ikani thailosi kapena kamphika kadothi pamalo pamene zimakonda kugona, ndipo magetsi aziyaka ndi kuzima nthawi yofanana tsiku lililonse. Kwatsala ndi kudikira, mwina chaka kapena kuposa.

Tsiku lina mudzaziona zikulumaluma thailosi ija, kuiyeretsa. Posakhalitsa pamakhala mazira mazanamazana omatirira, owala ngati lalanje. Yaimuna ndiyo mlezi: imawakupiza ndi zipsepse n'kumatola ofa ndi pakamwa. Mazirawo amada pang'onopang'ono, ndipo timaso tonyezimira ngati siliva tikaoneka mkati, ndiye kuti aswa usiku womwewo kapena wotsatira, kawirikawiri tsiku la 7 mpaka 9, mdima ukangogwa.

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, ndipo kwa ine ntchito yeniyeni ndi imeneyi. Tiana tikaswera m'thanki yaikulu, sefa imatikoka ndipo nsomba zina zimatidya. Ndiye madzulo a tsiku loswalo, sunthirani thailosi m'thanki ina ya malita 20 mpaka 40 yokhala ndi madzi otungidwa kwa makolo. Musaikemo sefa. Phimbani m'mbali mwake ndi pepala lakuda kuti tiana tisasokonezeke ndi kuwala, ndipo timathovu ta mpweya tizidutsa pang'onopang'ono pafupi ndi mazira, m'malo mwa zipsepse za bambo awo.

Tianato ndi tating'ono kwambiri, mamilimita 3 kapena 4 okha, ndipo timangodya chamoyo chimene chikuyenda. Chakudya chake choyamba ndi tizilombo ta rotifer, tomwe mumaweta nokha m'ndowa n'kumatidyetsa ndere za Nannochloropsis. Ndowa imeneyi iyambe milungu ingapo mazira asanaikiridwe, chifukwa kuifuna m'mawa woti tiana taswa kale ndi kuchedwa. Pofika tsiku lachisanu yambani kuonjezera tinkhanu ta Artemia tongoswa kumene. Tsiku lililonse muzikoka zinyalala za pansi ndi kapaipi kakang'ono, n'kubwezeretsa madziwo modontheza.

Pakati pa tsiku la 8 ndi la 12 tiana timasintha thupi, ndipo tina timafa panthawiyi, choncho musasinthe madzi ambiri mwadzidzidzi. Mzere woyamba woyera ukaoneka kumutu, yambani kutizoloweza chakudya chouma chopera bwino. Ndowa ya rotifer ija musaitaye, chifukwa makolo akazolowera amaikira mazira ena pafupifupi milungu iwiri iliyonse.