Momwe mungamangire valavu ya kampira pansi pa thanki osaitana pulambala

Sabata yathayi anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, onse agula thanki ya malita 1000 ndipo akufuna kuika valavu pansi pake kuti azitseka madzi akamakonza mpopi. Ine si pulambala wa masatifiketi ayi, koma kunyumba kwanga ku Ulongwe, ku Angónia kuno ku Mozambique, ndamanga zitatu, ina ndinakamanga kudimba la mbatatesi kwa achimwene ku Tsangano, ndipo imodzi mwa zimenezi inandisambitsa pakati pa usiku mwezi wa June, kuzizira kwa ku Angónia nonse mukukudziwa.

Ndikunena valavu ija ya chogwirira chachitali, nthawi zambiri chofiira kapena chabuluu. Ku ferragem, sitolo ya zitsulo ndi zomangira ija, mukanene kuti válvula de esfera, mukawolokera ku Dedza kudzera pa Calomue kumeneko amati ball valve. Mkati mwake muli kampira kachitsulo kobowola pakati, kapanikizidwa ndi timphete tiwiri toyera ta teflon. Chogwirira chikagona motsata paipi ndiye kuti yatseguka, chikapingasa yatseka. Kukhotetsa kamodzi basi, madigiri 90, osati zopotokolapotokola ngati mpopi.

Tiyambe ndi kugula, chifukwa ambiri amagwera pomwepa asanagwire n'komwe sipanala. Dziwani saizi yanu. Ya hafu inchi imalembedwa DN15 ndipo imayenda ndi paipi ya pulasitiki ya 20mm, ya 3/4 ndi DN20 paipi yake 25mm, ya inchi imodzi ndi DN25 paipi yake 32mm. Ngati manambalawa akukusokonezani ingotengani kachidutswa ka paipi kapena soketi yakale m'thumba mukayezere konko, palibe chamanyazi. Pathupi pake muonanso palembedwa PN16 kapena PN25, imeneyo ndi mphamvu ya madzi yomwe ingapirire, ma bar 16 kapena 25. Pa thanki musavutike nazo. Madzi akakwera mamita 10 ndi pomwe amakwana bar imodzi, ndiye thanki yanu ili pa sitandi ya mamita atatu ikungopereka ka 0,3, valavu iliyonse ipirira. Chofunika ndi bowo. Itseguleni muisuzumire pa dzuwa, zina zotchipa bowo la kampira ndi laling'ono kuposa paipi, ndiye madzi ofooka kale aja mukawapanikizanso pamenepo ku bafa azingodontha ngati misozi.

Ndiye pali nkhani ya zachinyengo. Valavu yeniyeni ndi ya mkuwa wachikasu uja, imalemera m'manja. Zambiri amazikuta zasiliva kunja, koma mukakanda ndi kiyi pakona pamaoneka chikasu. Pali zina zopepuka ngati chitini, mukakanda mkati motuwa, imeneyo ndi zinki, imasweka ngati bisiketi mukangomanga pang'ono. Mnyamata wina pamsika anandiuza kuti "achimwene iyi ndi orijinale, ya ku Italy", ndipo bokosi linalidi ndi kambendera ka Italy, koma mtengo wake sunafike ngakhale theka la wa ku ferragem, ndinagula ziwiri poganiza kuti ndachenjera. Imodzi inang'aluka pamazinga tsiku lomwelo. Inayo ili m'kabati mpaka pano, ana amaseweretsa. Za pulasitiki zija si zoipa mkati mwa nyumba, koma panja dzuwa limaziumitsa, makamaka inu a ku Moatize ndi ku Tete komwe mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, chogwirira chimadzangotsala m'manja.

Pogula musaiwale nipo, kapaipi kakafupi ka mazinga mbali zonse ziwiri, tepi ya teflon, ndi yuniyoni, cholumikizira chomwe chimamasuka osacheka paipi, ku ferragem amati união. Yuniyoni anthu amaikana kuti n'kuwononga ndalama. Dikirani muone.

Mabobojani, masipanala ogwirira paipi aja, akhale awiri, kapena bobojani mmodzi ndi sipanala ya shifitingi. Bwerekani kwa neba ngati mulibe.

Tsopano ntchito. Tsekani madzi, thanki ikhale yopanda kanthu, izi sindichita kufotokoza. Musanamange chilichonse gwirizitsani valavu pamalo pake muyese kukhotetsa chogwirira, muone ngati sichikugunda khoma kapena mwendo wa sitandi, ndaonapo ina kwa munthu wina imatseka theka lokha chifukwa cha njerwa. Tsukuluzani paipi ndi madzi pang'ono kuti mchenga ndi tinyenyeswa ta pocheka tituluke, timeneti tikalowa timakanda kampira ndipo valavu yatsopano imayamba kudontha.

Tepi imakulungidwa pa mazinga a kunja, a nipo kapena a paipi. Yang'anitsani kumapeto kwa nipo kwa inu, kulungani motsata momwe wotchi imayendera, kuti pomanga tepi izikhwimira m'malo momasuka. Siyani zinga loyamba lopanda tepi kuti zidutswa zisalowe mkati. Ine ndimazunguliza kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu malinga ndi kupyapyala kwa tepiyo, zina za masiku ano n'zopyapyala ngati khungu la anyezi. Mangani ndi manja mpaka ikane, kenako sipanala kamodzi kapena kawiri kuzungulira. Basi. Si mpikisano wa mphamvu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi.

Valavu imeneyi mukaiona ngati chitsulo chimodzi, koma thupi lake ndi zidutswa ziwiri zomangirirana, yang'anitsitsani muona kamzere kozungulira mbali imodzi. Ku fakitale amamanga pamenepo ndi kumata, ndipo ndi pomwe pamapanikiza timphete ta teflon tija pa kampira. Mbali zonse ziwiri zili ndi makona ogwirapo sipanala. Lamulo lake ndi ili: sipanala igwire makona a mbali imene mukumangayo, yoyandikana ndi paipi yomwe mukulowetsa. Osagwira mbali ya kutali, osagwira pamimba, ndipo chogwirira sichopotokolera.

Ine sindinkadziwa. Ndinamanga mbali ya ku thanki bwinobwino, pomanga mbali yachiwiri chogwirira chinathera pansi, choyang'ana ku dothi, ndiye ndinati ndibweze pang'ono chiongoke. Bobojani ndinamuika mbali ya kutali, wachiwiri ndinalibe, ndinakoka. Ndinamva kuti khwee, kufewa kwachilendo, ndinati eya yaongoka. Osadziwa kuti mazinga a paipi sanasunthe n'komwe, chomwe chamasuka ndi thupi la valavu pa kamzere kaja. Madzulo tinadzaza thanki, ndinagwira ndi dzanja ndinamva kachinyezi pang'ono, ndinati ndi madzi otsalira. Cha m'ma 1 koloko usiku mayi a kunyumba akundigwedeza, "bambo a Chisomo, kunja kukugwa mvula kodi?" Mvula mu June? Kutuluka ndi tochi ya foni ndinapeza madzi akuthamanga pansi pa sitandi, khola la nkhuku lonse matope, ndinathamangira kutseka chogwirira koma sizinathandize kanthu chifukwa podonthapo panali mbali ya ku thanki, madzi asanafike pa kampira. Ndinamanga ndi lamba wa chubu cha njinga manja atauma ndi chisanu, mano akugundana, pofika m'mawa thanki inali itatsala pang'ono kuuma, madzi omwe bomba, pampu ija, inakoka tsiku lonse pa magetsi anga olipiriratu a Credelec.

Ndipo poti yuniyoni ndinaikana, kuti ndichotse valavuyo ndinachita kucheka paipi, kukagulanso soketi, guluu, valavu ina, ndi yuniyoni yomwe ija. Mukamasula thupi la valavu musadzivute kuti mulimanganso, kawirikawiri silibwerera mwakale, gulani ina.

Ndiye chitani chonchi. Sipanala imodzi igwire makona a valavu mbali yomwe mukumanga, inayo izungulize paipi kapena nipo. Chogwirira chikathera malo olakwika musabweze m'mbuyo, pitirizani kutsogolo pang'ono ngati ikulola, ikakana masulani zonse, tepi yatsopano, yambiraninso. Ku thanki nakonso samalani, potulukira paja nthawi zambiri ndi pulasitiki, wina agwire kuti pasazungulire limodzi, ndipo paipi muichirikize ndi njerwa kapena kalampu kuti kulemera kwake kusakokere pa thanki.

Yuniyoni ibwere valavu itatha, mbali ya kunyumba. Mangani, lumikizani paipi, ngati mwamata ndi guluu dikirani aume monga palembedwera pa chitini.

Poyesa thirani madzi pang'ono kaye, osati kudzaza. Pukutani paliponse, kulungani pepala louma, mubwere pakatha ola. Likanyowa musadzinamize ngati ine.

Kasamalidwe kake si kambiri. Kamodzi pa mwezi itsekeni ndi kuitsegula kawiri katatu kuti isaume ndi zoyera zija za m'madzi a pachitsime. Musaisiye yotsegula theka pofuna kuchepetsa madzi, imadyeka timphete, achimwene ku Tsangano anapha yawo choncho pothirira ndi madzi a mumtsinje amchenga, ikani sefa madzi asanafike pa valavu ngati ndi kudimba. Pa laini ya bomba tsekani pang'onopang'ono, mukatseka mwadzidzidzi paipi imagunda kuti gu ndipo majoini amamasuka. Ikamadontha pansi pa chogwirira, chotsani chogwiriracho, zina zili ndi kanati pamenepo, kamangeni pang'ono chabe. Ngati kanati palibe, kasintheni valavuyo.