Kusunga mapasiwedi ndi makiyi kunja kwa khodi

Pulogalamu yosungitsira zipinda pa loji ya ku Cape Maclear imayenda m'malo awiri: pa laputopu ya amene akuilemba, mwina ali pa Boma pa Mangochi pompano, ndi pa seva yomwe alendo amalipirira. Khodi yake ndi imodzimodzi. Zosiyana ndi adiresi ya database, pasiwedi yake, makiyi olandirira ndalama za Airtel Money kapena TNM Mpamba, komanso ngati zolakwika zizionekera pa sikirini. Zinthu zimenezi zisalembedwe m'khodi. Malo ake ndi ma environment variable, mayina omwe kompyuta imapereka kwa pulogalamu pamene ikuyamba, dzina lililonse ndi zomwe lanyamula. Kuti mudziwe ngati mwalekanitsa bwino, dzifunseni: kodi ndingapatse munthu wachilendo khodi yonseyi lero osasintha pasiwedi ngakhale imodzi?

Yambani ndi .gitignore, fayilo youza Git (chida chosungira mbiri ya khodi) mafayilo oti isawatenge, musanapange china chilichonse. Lembanimo mzere woti .env, sungani, kenako pangani fayilo ya .env yeniyeniyo, momwe mudzalembe mayinawo ndi zinsinsi zake. Ambiri amachita mobwerera, ndipo git add yoyamba imakokolola zonse pamodzi ndi zinsinsi. Mkati mwa .env mumakhala chonchi:

DB_HOST=127.0.0.1
DB_PORT=5432
DB_PASSWORD='chambo#utaka$9'
DEBUG=false
TZ=Africa/Blantyre

Musasiye mpata kumbali zonse za chizindikiro cha =, chifukwa bash, pulogalamu yolandira malamulo mu terminal, ikaona mpatawo imayesa DB_HOST ndi lamulo loti iyendetse. Pasiwedi yokhala ndi # kapena $ muitsekere ndi zizindikiro ngati momwe zilili pamwambapa, apo ayi pa zida zina # imatengedwa ngati poyambira ndemanga, pasiwedi n'kudukira pa chambo, database n'kukukanani inu mukulumbira kuti mwalemba zolondola. Koma chenjerani ndi docker run --env-file: iyo sichotsa zizindikiro zotsekerazo, imazitenga ngati mbali ya pasiwedi. Fayilo yolembedwa pa Windows nayo imakhala ndi kachilembo kosaoneka kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo mukaiwerengetsa ndi source pa Linux kachilemboko kamamatirira pa pasiwedi. Lamulo la dos2unix .env limakachotsa.

Pambali pake pangani .env.example. Iyi ndi yololedwa kulowa mu Git, ndipo imakhala ndi mayina onse koma popanda zinsinsi. Mnzanu wa ku Monkey Bay akatenga khodi, amangoikopera kukhala .env n'kudzaza zake. Tsiku lomwe mwawonjezera dzina latsopano mu .env, liwonjezereni ndi umu.

Powerenga, Python imagwiritsa ntchito os.environ, mothandizidwa pa laputopu ndi python-dotenv, phukusi lowerenga fayilo ya .env. Node.js ili ndi process.env, ndipo kuyambira pa 20.6 mutha kulemba node --env-file=.env app.js osaikanso phukusi lina. Dziwani kuti dotenv sisintha dzina lomwe lilipo kale pa kompyutayo. Ngati munaika DB_HOST pamanja mu terminal ndi lamulo la export m'mawa n'kuiwala, mudzasintha .env kangapo konse osaona kusintha. Lembani printenv DB_HOST muone chomwe pulogalamu ikulandiradi.

Apa ndi pomwe tikufuna mukhazikike. Zowerenga zonse zikhale mu fayilo imodzi, tinene config.py, ndipo mbali zina za pulogalamu zizitenga kumeneko. Fayiloyi ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusandutsa, popeza chilichonse chochokera ku environment chimabwera ngati malemba. 5432 si nambala mpaka mutaidutsitsa mu int. Choopsa kwambiri ndi DEBUG, dzina lolamula ngati zolakwika zizionekera pa sikirini: mu Python, bool("false") imatuluka True chifukwa malembawo si opanda kanthu, choncho seva yomwe mukuti mwaitseka imaonetsa alendo zamkati mwa pulogalamu ikangolakwa. Yerekezani malembawo mwachindunji, kuti DEBUG ikhale yoyaka pokhapokha palembedwa true. Ntchito yachiwiri ndi kukana kuyamba ngati dzina lofunika likusowa. os.environ["DB_PASSWORD"] imagwetsa pulogalamu pomwepo n'kutchula chomwe chasowa, pamene os.getenv imangobweza None mwakachetechete, vuto n'kudzatulukira Loweruka usiku mlendo ali pakati polipira. Kugwa poyambira kuli bwino kwambiri. Doko (DB_PORT) mutha kulipatsa nambala yogwiritsa ntchito dzina likasowa, koma pasiwedi ndi makiyi ayi.

Mzere wa TZ, wouza pulogalamu nthawi ya dera lanu, musaupeputse. Ma seva ambiri amabwera ali pa nthawi ya UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2. Ndalama yolowa 1 koloko usiku imalembedwa pa tsiku la dzulo, ndiye lipoti la pulogalamu silikumana ndi kaundula wa pa risepishoni, wogwira ntchito n'kuyamba kukayikiridwa popanda mlandu.

Pa seva musadalire export. Imakhala moyo mu terminal yokhayo yomwe mwailembamo, ndipo magetsi akathima seva n'kuyakanso, zonse zapita. cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, nayo siwerenga .bashrc, fayilo yomwe bash imawerenga mukatsegula terminal, n'chifukwa chake ntchito yotumiza lipoti usiku imayenda bwino mukaiyesa pamanja koma imalephera ikayenda yokha. Ikani zinsinsi mu fayilo ngati /etc/loji/loji.env, itsekeni ndi chmod 600, ndipo mu fayilo ya systemd (choyatsa mapulogalamu pa seva ya Linux) ya pulogalamuyo lembani EnvironmentFile=/etc/loji/loji.env. Mizere yake isakhale ndi mawu oti export. Mukasintha fayilo ya systemd, chitani systemctl daemon-reload. Mukasintha zinsinsi, chitani systemctl restart, chifukwa pulogalamu imawerenga environment kamodzi kokha poyamba.

Olemba PHP ndi Laravel muli ndi misampha iwiri. Mukachita php artisan config:cache, fayilo ya .env siwerengedwanso, ndipo env yoitanidwa kunja kwa foda ya config imabweza null. Iitaneni mu config mokha, kwina konse gwiritsani ntchito config. Wachiwiri ndi kutsanulira pulojekiti yonse mu public_html pa cPanel. Tsamba liziloza ku foda ya public yokha. Yesani nokha: lembani adiresi ya tsamba lanu n'kuwonjezera /.env kumapeto. Mukaona pasiwedi yanu pa browser, dziwani kuti aliyense akutha kuiona.

Mayina oyamba ndi VITE_ kapena NEXT_PUBLIC_ amasokeredwa mu JavaScript yopita ku foni ya mlendo, choncho si obisika. Chimodzimodzinso kiyi yoikidwa mu APK, fayilo ya pulogalamu ya pa foni ya Android. Makiyi a malipiro azikhala pa seva basi, ndipo pa laputopu muzigwiritsa ntchito oyeserera, kuti mayeso anu asadule ndalama ya munthu.

Ngati .env yalowa kale mu Git, git rm --cached .env imaichotsa kuyambira pano, koma m'mbiri ya Git imakhalabe, ndiponso mwa aliyense amene anakopera khodiyo. Choyamba ndi kusintha pasiwedi ya database ndi kupempha makiyi atsopano, akalewo aphedwe, ndipo kuyeretsa mbiri kubwere pambuyo. Chitani zomwezo .env ikatumizidwa pa gulu la WhatsApp, ikaonekera pa chithunzi cha sikirini pofunsa thandizo, kapena wina amene anali ndi makiyi akasiya ntchito.