Mmene ndinathetsera vuto la MiFi yokana SIM ya dziko lina

Popeza ndimagwira ntchito ndili paulendo, ndimadalira MiFi (kachipangizo kakang'ono koikamo SIM kamene kamapereka intaneti kudzera pa Wi-Fi), koma nditangowoloka malire n'kuikamo SIM yatsopano, inkaonetsa netiweki popanda intaneti. Kuizimitsa n'kuiyatsanso sikunathandize, ngakhalenso kugula bandulo ina.

Vuto linali APN (dzina lolumikizira SIM ku intaneti ya kampani yake), yomwe kachipangizoka sikanasinthe kokha. Ndinalumikiza foni ku Wi-Fi yake, ndinatsegula adilesi yolembedwa pansi pa batire, kenako ndinalowa pa zokhudza netiweki n'kulembamo APN imene kampani ya SIM inandipatsa, ndipo sindinalipire kanthu. Kutali ndi matauni inkadukabe, chifukwa inalibe band 20 ya 800 MHz (band ndi gulu la mafunde amene netiweki imagwiritsa ntchito), imene imafika patali kuposa ya 1800 MHz. Ndinagula MiFi ina yolandira SIM ya kampani iliyonse, yokhala ndi polumikizira eriyo yakunja, nditaona kaye mndandanda wa ma band ake.