Kutunga madzi padamu kapena pamtsinje ndi pampu ya galimoto yozimitsira moto

Madzi a muthanki sachedwa kutha anzanga. Tingoyerekeza thanki ya malita 2000 ndipo anyamata atsegula mapaipi otulutsa malita 500 pa mphindi, ndiye kuti pakatha mphindi 4 zokha mwauma moto ukadali lawilawi. Nde ngati pafupi palibe hydrant, mpopi wa mumsewu wotungapo madzi ozimitsira moto uja, munthu wa papampu akuyenera kudziwa kutunga padamu kaya pamtsinje, ndipo apa mpomwe ambiri amabalalika.

Mvetsani kaye ichi, pampu ya centrifugal imene ili pamagalimoto ambiriwa, imene imakankha madzi ndi kagudumu kozungulira mkati kotchedwa impeller, siitha kupopa mpweya. Mutha kuponda faya mmene mungathere koma ngati mupaipi muli mpweya madzi sabwera olo dontho. Nde papampu pamakhala kachipangizo kotchedwa primer, ntchito yake ndi kuchotsa mpweya mupampu ndi mupaipi, umenewo ukachoka, mpweya wa kunjawu umene ukupsinja pamwamba pa damu ndi umene umakankha madzi kuti akwere. Nchifukwa chake pali malire a mmene madzi angakwerere kuchoka padamu kufika papampu, pamapepala amati mamita 10 koma zenizeni mukadutsa 7 kapena 8 palibe chanu, ndipo mapampu ambiri amawayesa pa mamita 3, mukamakwera kuposa apo madzi amayamba kuchepa.

Ndiye yandikitsani galimoto kumadzi koma pa nthaka yolimba, musaiwale kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, galimoto yodzaza imatitimira mosavuta. Kokani handibuleki, tchingani matayala. Paipi yokokera ikhale yolimba ija, yofewa imangophwafuka. Musanamange joini iliyonse pisani chala muone ngati kalabala kalimo komanso sikanang'ambike, ine ndimaona kuti apa mpofunika kudekha kuposa pena paliponse chifukwa kalabala kamodzi kangathe kuimitsa ntchito yonse anthu nkumanamizira pampu kuti yafa. Kumapeto ikani sefa, imangeni ndi chingwe, imire pafupifupi theka la mita koma isakagone pamatope. Ikakhala pamwamba kwambiri muona madzi akuzungulira pamwamba pake, apo ikumwa mpweya basi. Komanso paipi isapange linunda lokwera kuposa pakamwa pa pampu, mpweya umabisala pomwepo.

Tsekani mavaluvu onse ndi ma drain omwe, timavaluvu tokhutulira madzi otsala mupampu tija, lowetsani pampu mugiya, kwezani injini pang'ono nkuyatsa primer maso ali pa geji ya kolowera madzi. Singano ikuyenera kutsika pansi pa ziro. Pakadutsa masekondi 30 mpaka 45 madzi osabwera siyani, musakakamize, pali penapake pamene pakulowa mpweya, bwererani kumajoini kuja.

Madzi akafika ndipo puresha yakhazikika tsegulani valuvu yotulutsira pang'onopang'ono, kutseka nakonso chimodzimodzi. Kutsegula kapena kutseka mwadzidzidzi kumapangitsa madzi kumenya mwamphamvu mupaipi, paipi itha kuphulika kapena kugwetsa mnzanu amene wagwira nozo, kumapeto kwa paipi kotulukira madzi kuja, kutsogoloko, iye sakuona zimene mukupanga ku galimoto, amangolandira.

Mukamapopa khutu likhale tcheru. Mukamva pampu ikulira ngati mwalowa timiyala, nkuponda faya puresha osakwera, imeneyo ndi cavitation, mukufuna kutulutsa madzi ambiri kuposa amene akulowa ndipo imadya impeller. Bwezani faya pompo mukaone sefa, kawirikawiri imakhala yatsekeka ndi udzu, masamba kaya mapepala apulasitiki.

Za puresha kumbukirani kuti mamita 10 alionse amene madzi akukwera amadya bar imodzi (bar ndi muyeso wa puresha), paipi ikatalika nayonso imadya, ndipo mukachulukitsa madzi kawiri mupaipi yomweyo puresha yotayika imachuluka pafupifupi kanayi, bola kuyala paipi yachiwiri kapena yokulirapo kusiyana nkuzunza injini. Anyamata akatseka nozo kwa kanthawi musasiye madzi akungozungulira mupampu, amatentha, tsegulani kavaluvu kobwezera muthanki kapena kapaipi kena kazibwezera madzi kudamu konko.

Mukamaliza tsukani pampu ndi madzi oyera chifukwa mchenga umatha ma seal otchinga kuti pampu isadonthe, dzazani thanki, ndipo ma drain amene munatsegula potsuka aja muwatseke musanaimike galimoto.