Mmene Mungaphunzitsire Ana Aang'ono Mbiri Yakale Pakhomo

Mwana wa zaka 5 kapena 6 sachedwa kuiwala madeti, koma chinthu chimene wachipanga ndi manja ake chimakhazikika m'mutu. Choncho sankhani nkhani imodzi yokha pa sabata. Ine ndimakonda kuyambira pa zojambula za pamiyala za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006.

Muonetseni mwanayo zithunzi za m'buku, kenako mufotokozereni kuti zojambula zofiira ndi za Akafula, amene ankadalira kusaka nyama ndi kuthyola zipatso, pamene zambiri zoyera zinajambulidwa pambuyo pake ndi Achewa, amene anali alimi. Mukatero tulukani naye pabwalo. Sungunulani katondo m'kachitini kamodzi ndi phulusa loyera m'kachitini kena, ndipo mupatseni mwala wosalala kuti ajambulepo mizere, timadontho ndi nyama pogwiritsa ntchito chala kapena nthenga ya nkhuku. Musamukonzere chojambulacho ngakhale chitapindika bwanji, chifukwa chofunika kwambiri ndi choti akufotokozereni yekha chimene wajambula.

Sabata yotsatira tengani ndalama yapepala ya K2,000, mumuonetse nkhope ya John Chilembwe, ndipo mumuuze mwachidule za kuukira atsamunda kwa m'chaka cha 1915 ku Chiradzulu. Mangani chingwe pakhoma n'kumapachikapo ntchito za mwanayo motsatira nthawi, kuti aziona ndi maso kuti Akafula analipo kalekale Chilembwe asanabadwe.