Momwe mungayendere ulendo wa tchuthi kuchoka ku Lilongwe mpaka ku London

Ngati tchuthi cha chaka chino mukufuna kukathera kwa abale ku UK, masiku muwerengere pa viza, tikiti ibwere pambuyo. Wa pasipoti ya Malawi amafunika Standard Visitor visa, yomwe imalola kukhalako mpaka miyezi 6. Fomu mumadzaza pa gov.uk, tsamba la pa intaneti la boma la UK, ndipo amayamba kulandira kukatsala miyezi itatu kuti munyamuke. Mukalipira, mumapita ku ofesi ya maviza ku Lilongwe kukadinda zala ndi kujambulitsa. Yankho limatenga pafupifupi masabata atatu. Mtengo wake ndi woposa mapaundi 100 ndipo umakwera kawirikawiri, choncho muwone pa tsamba lomwelo tsiku lolipira. Zoyezetsa TB musavutike nazo, n'za amene akukakhala kupitirira miyezi 6.

Pamene ambiri amagwera ndi pa sitetimenti ya ku banki. Munthu amalandira malipiro ake a mwezi ndi mwezi, zikuoneka bwinobwino, kenako kutatsala sabata imodzi kuti apereke fomu, mu akaunti mukulowa mamiliyoni obwereka kwa mlamu. Woona fomu safuna kudziwa kuti lero muli ndi zingati basi. Amaika pamodzi zinthu zitatu: malipiro amene mwalemba pa fomu, amene alembedwa m'kalata ya kuntchito, ndi amene akulowadi mu akaunti. Zikasiyana, kapena pakapezeka ndalama yaikulu yopanda chiyambi, amaona ngati si yanu ndipo amakana. Ndalama ya viza sibwezedwa, komanso viza ya mlendo nthawi zambiri ilibe apilo. Mumangoyambiranso, ndipo fomu yatsopano imafunsa ngati munakanidwapo.

Chochita n'chosavuta koma chimafuna nthawi. Tengani sitetimenti ya miyezi 6 yodindidwa ndi banki. Ndalama iliyonse yaikulu ikhale ndi pepala lake: ngati munagulitsa galimoto, ikani kalata yogulitsirana, ngati ndi ya fodya kapena soya, ikani malisiti. Ngati wolipira ulendo ndi mwana wanu wa ku Leeds, nenani choncho poyera, iye atumize kalata yokuitanani, sitetimenti yake, umboni wa komwe amakhala ndi wa chilolezo chake chokhalira m'dzikomo. Zimenezi zili bwino kuposa kudzionetsa olemera. Kalata ya kuntchito itchule udindo wanu, malipiro, tsiku loyamba tchuthi ndi tsiku lobwerera pa ntchito, chifukwa chimene akufuna kukhutira nacho n'choti mubwerera kumudzi. Ndipo ndalama zimene mwalemba kuti mukagwiritsa ntchito zigwirizane ndi zomwe mumapeza. Wolandira zochepa akalemba kuti akawononga malipiro a chaka chonse m'masabata atatu, wadzikaniza yekha.

Madobadoba a maviza alipo ambiri, pa Facebook ndi m'timaofesi ta m'tauni. Wina akati ali ndi munthu mkati, kapena akukonzerani sitetimenti, thawani. Pepala labodza likagwidwa, mutha kuletsedwa kulowa ku UK mpaka zaka 10, iye ali phee ndi ndalama zanu.

Viza ikatuluka, onani tsiku loyambira ndi kalembedwe ka dzina, kenako gulani tikiti. Ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku London kulibe. Mudzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ku Nairobi ndi Kenya Airways, kapena ku Johannesburg. Mitengo imawerengedwa pa dola, ndiye kwacha ikagwa tikiti imakwera tsiku lomwelo, ndipo July, August ndi December ndi miyezi yodula. Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Matikiti awiri osiyana amaoneka otchipa, koma ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri sikudikirani ndipo palibe amene angakubwezereni. Ejenti akakutumizirani pepala, lowetsani nambala ya bukingi pa tsamba la kampani ya ndege muone ngati nambala ya tikiti yatuluka. Ena amangosungitsa mpando osalipira, mumakazindikira muli pa kauntala ku KIA, bwalo la ndege la Kamuzu.

Mapaundi kapena madola yambani kufunsa ku banki msanga, mutatenga pasipoti ndi tikiti, poti ndalama zakunja sizipezeka tsiku limodzi. Afunseninso kuti khadi yanu imalola zingati kunja. Makwacha ku London palibe wosintha.

Pa katundu, nthawi zambiri amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse ndi cha m'manja cha 7, koma werengani pa tikiti yanu. Kulemera amayeza chikwama chilichonse pachokha, ndiye cha 28 ndi cha 18 sizikupulumutsani. Abale akupatsani mndandanda wautali. Ufa, mpunga wa Kilombero, tiyi ndi Nali zimadutsa. Usipa, utaka ndi chambo chouma n'zololedwa mpaka makilogalamu 20, koma kulungani m'mapulasitiki atatu, apo ayi zovala zonse zinunkha nsomba. Uchi ndi ngumbi malire ake ndi makilogalamu awiri. Nyama iliyonse, kaya yowamba kaya mbewa, pamodzi ndi mkaka ndi chambiko, n'zoletsedwa, ndipo masamba aawisi ambiri amafuna chikalata cha zaulimi. Power bank, mankhwala, mapepala a viza ndi zovala zosinthira tsiku limodzi zikhale m'chikwama cha m'manja. Ngati mukupita pakati pa November ndi March, jekete lochindikala gulani pa kaunjika konkuno ndipo mulinyamule m'manja.

Kudzera ku Addis Ababa, ndege imachoka masana, imauluka maola anayi kapena kuposerapo ikaima pena, ndipo ya ku London imanyamuka pakati pa usiku n'kuuluka pafupifupi maola 8. Wotchi ya ku Addis Ababa ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya komweko. Sinthani wotchi mukangotera. Bwalo la Bole lili pamtunda woposa mamita 2,300, usiku kumazizira. Geti imatha kusintha, ndiye muziyang'ana pa sikirini, ndipo musanakwere amasechanso, botolo la madzi loposa 100 ml amalanda. Zikwama zazikulu simuzitenga panjira, koma pa KIA onetsetsani kuti kapepala komata kalembedwa LHR ngati mukukatera pa bwalo la Heathrow ku London, ndipo kachidutswa kamene akupatsani musataye. Pobwerera, mukakhala pa bwalo la Addis Ababa kapena Nairobi maola oposa 12, kuno atha kukufunsani kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever. M'ndege imwani madzi, muziimirira kuwongola miyendo pakapita maola awiri.

Ku Heathrow mutera m'mawa. Mageti odzitsegukira okha aja si a pasipoti yathu, tsatirani mzere wa All Passports, womwe umatha kutenga ola kapena kuposa. Woona mapasipoti afunsa komwe mukafikire, masiku amene mukhale, amene akulipira ndi tsiku lobwerera. Adiresi ndi nambala ya wokulandirani zikhale pa pepala, foni itha kuzima. Musanene kuti mwabwera kudzathandiza pa shopu kapena kudzagwira kaganyu: mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo atha kukubwezani pomwepo.

Kulowa m'tauni, yotchipa ndi sitima ya Piccadilly line, pafupifupi ola limodzi. Elizabeth line ndi yachangu komanso yotakasuka ngati muli ndi zikwama, Heathrow Express imafika pa siteshoni ya Paddington m'tauni m'mphindi 15 koma mtengo wake ndi wowawa. Opita ku Manchester kapena Nottingham akwere basi ya National Express pa bwalo pomwepo. Mabasi a mu London salandira kashi, gulani khadi ya Oyster, yolipirira basi ndi sitima. Pa masitepe oyenda okha imani kumanja.

Zina zonse muzolowera m'masiku awiri. Nthawi ili m'mbuyo ndi maola awiri m'nyengo yozizira, ola limodzi m'nyengo yotentha. Mu December mdima umagwa isanakwane 4 koloko, mu June 9 koloko usiku kukadali kowala. Masoketi ndi ofanana ndi akwathu, magalimoto amayendanso kumanzere, madzi a pampopi ndi akumwa. Anthu m'sitima sapatsana moni, si mwano. Gulani simu ya Lebara kapena Lycamobile, WhatsApp ipitirira pa nambala yanu yakale. Inshuwalansi ya ulendo musasiye, chifukwa mlendo akagonekedwa m'chipatala amalipira. Mukamva kutentha thupi, imbani 111, nambala ya achipatala, ndipo muwauze msanga kuti mwachokera ku Malawi kuti akuyezeni malungo.